MLANDU WA MPHAKA NDI NKHUNDA ZA MPIKISANO

M'tsamba lino ndifuna kufotokoza za mkangano umene umabuka kawirikawiri pakati pa anansi ku dziko la Britain. Anthu awiri akhala moyandikana zaka zambiri, ndipo pakati pao pali mpanda umodzi wokha. Wina aweta mphaka, mnzake aweta nkhunda za mpikisano. Tsiku lina mphaka adumpha mpanda uja nagwira nkhunda, ndipo kuyambira pomwepo moni watha pakati pa nyumba ziwirizo. Wina wa inu angaseke ndi kunena kuti nkhunda imodzi si chinthu chodanirana. Koma mlandu wotere unakwera mpaka ku bwalo lalikulu la milandu ku London, ndipo oweruza otchuka anaukhalira pansi. Tsono tiyeni tione chimene chikwiyitsa mwini nkhunda, chimene ayankha mwini mphaka, chimene lamulo linena, ndi chifukwa chake lamulo palokha silinathe kuuthetsa mkanganowu.

Nkhunda zimene siziri za ndiwo

Poyamba tiyenera kudziwa kuti nkhunda zimenezi sizifanana ndi zathu za kumudzi, zimene tiweta kuti mlendo akafika tipeze ndiwo. Maonekedwe ndi amodzimodzi, koma nchito yake ndi ina. Nkhunda ya mpikisano iri ndi mphatso yobwerera kwao ngakhale munthu aitengere kutali kumene siinafikeko chibadwire. Masewera opikisanitsa nkhunda anayamba ku Belgium, kumene mpikisano woyamba wa mtunda wopitirira mailosi 100 unachitika m'chaka cha 1818. Kuchokera kumeneko anaolokera ku Britain. Mu 1886 Mfumu Leopold II ya ku Belgium inapatsa banja lachifumu la ku Britain nkhunda zotere, ndipo anazimangira khola ku Sandringham. Koma amene anakonda masewerawa koposa ndi anthu wamba, okumba malasha m'migodi ndi ogwira nchito m'mafakitale kumpoto kwa England, ku Wales ndi ku Scotland. Munthu amene wakhala tsiku lonse mumdima pansi pa nthaka ankapeza mpumulo poyang'ana kumwamba, kudikira mbalame zake. Nchifukwa chake ena ankaitcha nkhunda kavalo wa mpikisano wa munthu wosauka.

Mpikisano uyenda motere. Chiunda chikatha masiku ngati asanu ndi awiri, mwini wake achibveka mphete kumwendo, yolembedwa chaka ndi nambala. Phazi likakula mpheteyo siichokanso, ndipo ikhala ngati dzina la mbalameyo moyo wake wonse. Tsiku la mpikisano likayandikira, aweti onse a m'bungwe limodzi apereka nkhunda zao, ziikidwa m'madengu, ndi kutengedwa pa galimoto yaikulu kunka ku malo akutali. Kale zinkayenda pa sitima ya pamtunda. Kumeneko azitsegulira zonse nthawi imodzi, ndipo iri yonse ilunjika ku khola la kwao. Popeza makola ali m'malo osiyanasiyana, yopambana si imene yayamba kufika iai, koma imene yauluka ndi liwiro loposa zinzake. Ayesa mtunda kuchokera pomwe anazitsegulira kufikira pa khola la munthu ali yense, nagawa mtundawo ndi mphindi zimene mbalame yatha m'njira. Kale mwini ankachotsa kamphira kumwendo kwa nkhunda ndi kukaponya m'koloko yotsekedwa imene inkadinda nthawi. Masiku ano makola ambiri ali ndi makina pakhomo amene alemba nthawi okha nkhunda ikangopondapo. Koma kale ndi lero lamulo ndi limodzi: nkhunda imene iri kuzungulira pamwamba pa nyumba siinafike.

Anzanga okonda masamu, tayesani chitsanzo ichi. Tinene kuti nkhunda yauluka mailosi 200, ndiwo mayadi 352,000, m'maora asanu, ndizo mphindi 300. Liwiro lake ndi mayadi 1,173 pa mphindi. Tsono tinene kuti pofika kwao yapeza mphaka atakhala pa denga la khola, ndipo yaopa kutera kufikira patapita mphindi zisanu. Gawani mayadi omwe aja ndi 305, mupeza 1,154. Mayadi 19 atayika pa mphindi iri yonse, ndipo pa mpikisano wa mbalame mazanamazana zimenezo zikwanira kugwetsa nkhunda pa malo oyamba ndi kuiponya pambuyo ndithu. Onani tsono kuti mphaka angathe kumuonongera munthu mpikisano osakhudza ngakhale nthenga imodzi, pongoothera dzuwa pa denga.

Mbalame zopambana zimagulidwa ndalama zoopsa. Mu 2019 nkhunda yaimuna ya ku Belgium, dzina lake Armando, inagulidwa mayuro 1.25 miliyoni, ndipo mu 2020 yaikazi yotchedwa New Kim inagulidwa mayuro 1.6 miliyoni. Nkhunda za munthu wamba sizifika pamenepo ndi pang'ono pomwe, koma kwa iye mtengo wake uli m'thukuta limene anakhetsa. Nkhunda iikira mazira awiri okha pa nthawi imodzi, ndipo yaimuna ndi yaikazi zisinthana kufungatira masiku ngati 18. Mweti amatha zaka zambiri kusankha yaimuna iti ikwatire yaikazi iti, kulemba mbadwo uli wonse m'buku, kudzuka m'bandakucha kupala zitosi, ndi kuphunzitsa maunda kubwerera, lero mailosi asanu, sabata yamawa khumi. Mphaka akagwira yaikazi imene inabala zopambana zonse za m'kholamo, nchito ya zaka khumi yatha m'mawa umodzi, ndipo palibe sitolo imene angakagulemo ina yofanana nayo.

Mphaka naye ali ndi mwini

Tsopano tidumphe mpanda tione mbali inayo. Mphaka wapakhomo ndi mdzukulu wa mphaka wa m'thengo, wa mtundu umodzi ndi vumbwe amene atigwirira nkhuku kuno kwathu. Anthu atayamba kulima ndi kusunga dzinthu m'nkhokwe, mbewa zinadza, ndipo mphaka anazitsata. Anthu anaona kuti mlendoyu ngwothandiza, namlola akhale. Pa chisumbu cha Cyprus anafukula manda a zaka ngati 9,500 zapitazo, m'mene mphaka anaikidwa pambali pa munthu. Chomwecho chimene chinamtengera mphaka pakhomo pa munthu ndi ulenje wake womwewo umene lero uli kumdanitsa ndi mwini nkhunda. Tinamkonda chifukwa agwira, ndipo sitingathe kumuuza kuti, "Khoswe gwira, koma nkhunda ya mnansi usiye."

Eni amphaka ambiri amati, "Wanga sangagwire kanthu, pakuti ndimdyetsa bwino." Apa alakwa. Mphaka sasaka chifukwa cha njala yokha. Kanthu kakangogwedezeka kapena kukupiza mapiko, thupi lake lonse lidzuka, ngakhale mimba iri yokhuta. Mu 1997 bungwe la Mammal Society linapempha anthu kuti alembe nyama zonse zimene amphaka ao anabwera nazo kunyumba kuyambira April kufikira August. Poona zolembedwazo, akatswiri anayerekeza kuti amphaka 9 miliyoni a ku Britain anabwera ndi nyama 92 miliyoni m'miyezi isanu yokhayo, ndipo 27 miliyoni mwa izo zinali mbalame. Zambiri zinali timbalame ta m'tchire, si nkhunda za mpikisano iai. Koma chiwerengerochi chitisonyeza khalidwe la nyamayi. Lero amphaka oweta m'dzikomo apitirira 10 miliyoni, ndipo mwambo wa kumeneko ndi wakuti mphaka aziyenda kumene afuna. Nyumba zambiri ziri ndi kachitseko kakang'ono pansi pa chitseko chachikulu, kuti mphaka azituluka ndi kulowa yekha usana ndi usiku.

Ndiponso tisaganize kuti mwini mphaka alibe chikondi. Kwa nkhalamba imene ikhala yokha, ana atapita kutali, mphaka ndiye mnzake wocheza naye. Anthu a ku Britain alemekeza nyama zonse ziwirizi. Kuyambira 1943 kuli mendulo yotchedwa Dickin Medal, imene ipatsidwa kwa nyama zochita za ungwazi pa nkhondo. Nkhunda 32 zinalandira mendulo imeneyi. Imodzi mwa izo ndi G.I. Joe, imene mu 1943 ku Italy inauluka mailosi 20 m'mphindi 20 itanyamula kalata yoletsa ndege kuponya mabomba pa mudzi umene asilikari a Britain anali atalowamo kale. Mphaka mmodzi naye anailandira mu 1949, dzina lake Simon, wa m'chombo cha nkhondo cha HMS Amethyst, amene ngakhale anabvulala sanaleke kupha makoswe amene ankatha chakudya cha amalinyero. Apa mpamene pali kubvuta kwa mlanduwu, pakuti pamenepa palibe chirombo. Zonse ziwiri ndi ziweto zokondedwa.

Pamene ziwirizi zikomana

Nkhunda yaikulu ikakhala m'mwamba, mphaka sangaichite kanthu. Ngozi iri pansi ndi pa denga, ndipo nthawi zake ndi zinai. Yoyamba ndi pamene maunda, atatha ngati mwezi umodzi, atulutsidwa kuti akhale pa denga la khola ndi kuphunzira maonekedwe a kwao. Mapiko ao akali ofooka; ndipo ngakhale mphaka aphonye, maunda odzidzimuka amauluka asanadziwe njira yobwerera, natayika. Yachiwiri ndi pamene nkhunda zitera pansi kusamba kapena kutola timiyala. Yachitatu ndi pobwera ku mpikisano, mbalame iri yotopa ndi ya ludzu. Yachinai, yoopsa koposa, ndi usiku, ngati mphaka apeza pobooka nalowa m'khola. Mumdima nkhunda siziona bwino. Zidzimenya ku zipupa, zofungatira zithawa pa mazira ndipo mazirawo azizira, ndipo mphaka mmodzi angaphe zambiri zoposa zimene angadye. Ngakhale imene yapulumuka ndi kabala kakang'ono kawirikawiri imafa patapita tsiku limodzi kapena awiri, pakuti m'kamwa mwa mphaka muli tizirombo totchedwa Pasteurella timene tilowa m'magazi a mbalame. Choipa china nchakuti aweti amakonda kuulutsa nkhunda zao m'mawa ndi madzulo, ndipo nthawi zomwezo ndizo mphaka akonda kusaka.

Kale m'midzi ya migodi makola anali ambiri pa mseu umodzi, ndipo ngakhale wosaweta ankadziwa kuti Loweruka ndi tsiku la mpikisano. Tsono migodi inatsekedwa, ndipo wotsiriza mwa migodi yakuya ya malasha, wa ku Kellingley, unatsekedwa mu 2015. Aweti nkhunda achepa; otsalawo ambiri ndi achikulire, ozingidwa ndi anansi atsopano amene saona kusiyana kwa nkhunda ya mpikisano ndi nkhunda zopanda mwini za m'tauni. Anansiwo nao ali ndi madandaulo ao: zitosi pa zobvala zoyanika ndi pa galimoto, nthenga pabwalo, kulira kwa mbalame m'bandakucha, ndi makoswe amene atsata chakudya chotayika. Motero mwini nkhunda akadza kudzadandaula za mphaka, apeza kuti mnzakeyo nayenso ali ndi mau amene anasunga kalekale mumtima.

Chiweruzo cha 1926

Mlandu wodziwika koposa pa nkhaniyi ndi wa Buckle ndi Holmes. Mphaka wa Holmes analowa pa malo a Buckle napha nkhunda 13 ndi tinkhuku tiwiri ta mtundu waung'ono. Buckle anakasuma kuti alipidwe, ndipo mlandu unakwera kufikira ku Court of Appeal mu 1926. Ife tikadakhala oweruza, ndiganiza ambiri tikadati, "Chiweto chako chaononga, lipa," monga zikhalira mbuzi ikadya chimanga cha mwini. Ndipo ku England komweko lamulo lakale linali lotero pa ng'ombe ndi nkhosa: zikalowa m'munda wa wina, mwini alipa, ngakhale iye sanadziwe. Koma oweruza anagamula kuti Holmes alibe mlandu.

Zifukwa zao zinali ziwiri. Choyamba, ng'ombe munthu angathe kuitsekera m'khola kapena kuiikira mbusa, ndipo ikalowa m'munda iononga kwambiri. Koma galu ndi mphaka anthu onse adziwa kuti amayendayenda, ndipo kungodutsa kwao pa malo a wina kawirikawiri sikuononga kanthu. Lamulo linali litamasula kale mwini galu pa mlandu wa kungolowa kotere, ndipo oweruza anati mphaka alingane ndi galu. Chachiwiri, mwini chiweto chofatsa ankalipa pokhapo ngati anadziwiratu kuti chiweto chakecho chiri ndi nkhanza yapadera yosapezeka mwa zinzake. Tsono kugwira mbalame si nkhanza yapadera iai. Ndi chibadwa cha amphaka onse. Chodabwitsa nchimenechi: chifukwa chomwecho chakuti mphaka ali yense agwira mbalame ndicho chimasula mwini wake. Tanthauzo lake nlakuti amene aweta mbalame pakati pa anthu ayenera kudziwa kuti amphaka aliko, ndipo azitchinjirize yekha.

Mu 1971 nyumba ya malamulo inakonzanso malamulo a ziweto a England ndi Wales m'lamulo lotchedwa Animals Act. Lamuloli linena kuti galu akapha kapena kubvulaza ziweto, mwini galu alipe, ngakhale galuyo sanachitepo zotere n'kale lonse. Ndipo pa mndandanda wa ziweto zotetezedwazo nkhunda zoweta ziripo, pamodzi ndi nkhuku, abakha ndi nkhanga. Koma za mphaka lamuloli silinaike mau otere, ndiponso mphaka sali pa mndandanda wa ziweto zimene mwini azilipirira zikasochera. Chomwecho galu wa mnansi akalowa napha nkhunda khumi, mwini nkhunda ali ndi pokasuma. Mphaka wa mnansi yemweyo akapha khumi zomwezo, njira ya ku bwalo iri yopapatiza zedi. Nkhunda zakufa ndi zomwezo, chisoni ndi chomwecho, koma chiweruzo nchosiyana.

Wolakwiridwa asanduka wolakwa

Munthu akaona kuti bwalo silimthandiza, mtima umuuza kuti adziweruzire yekha: atchere msampha, aike chiphe m'nyama, atenge mfuti, kapena amgwire mphakayo ndi kukamtaya kutali. Koma pamaso pa lamulo mphaka ndi katundu wa mwini wake, ndipo kumupha ndiko kuononga katundu wa wina. Lamulo la Animal Welfare Act la 2006 liletsa kuzunza chiweto kapena kuchipatsa chiphe, ndipo kuyambira 2021 chilango chachikulu cha mlandu wotere ku England ndi Wales ndi zaka zisanu m'ndende. Mu 2024 anaonjezanso lamulo lina ku England ndi Northern Ireland, lakuti kutenga mphaka wa wina popanda chilolezo ndi mlandu pawokha. Ndiponso chiphe sichisankha: chidyedwa ndi galu wosalakwa ndi nyama za m'tchire, ndipo mwana wamng'ono angathe kuchitola.

Mwini nkhunda asaganize kuti lamulo likondera mphaka yekha, pakuti muyeso womwewo unateteza nkhunda pa mlandu wa Hamps ndi Darby mu 1948. Darby anali mlimi. Nkhunda za mpikisano za Hamps zinatera m'munda mwake ndi kuyamba kudya nsawawa. Iye anatenga mfuti naombera, zinai zinafa, imodzi inabvulala. Ku bwalo anati anali kuteteza mbeu zake. Oweruza anayankha zinthu ziwiri. Choyamba, nkhunda yoweta imene iri ndi chizolowezi chobwerera kwao ikhalabe ya mwini wake ngakhale iri kutali ndi khola. Siisanduka njiwa ya m'thengo yoti ali yense aphe. Chachiwiri, munthu aloledwa kupha chiweto cha mnzake pokhapo ngati panalibenso njira ina yanzeru yopulumutsira katundu wake. Ndipo Darby sanayese n'komwe kuziingitsa, ngakhale kuombera m'mwamba. Analipa. Milandu iwiriyi tikaiika pamodzi tiona phunziro limodzi. Lamulo silimuyesa mphaka woyenera imfa pogwira mbalame, kapena nkhunda potola nsawawa, pakuti zichita za chibadwa chao; koma munthu wothamangira kupha limgwira, chifukwa iye ali ndi nzeru zopezera njira ina.

Kodi ndi mphakadi?

Pali funso lina limene mkwiyo umaliiwalitsa: kodi wapha nkhundayo ndi mphakadi? Adani a nkhunda ndi ambiri. Akabawi a mitundu iwiri, amene Azungu awatcha peregrine falcon ndi sparrowhawk, amagwira nkhunda zambiri chaka ndi chaka, ndipo iwo ngotetezedwa ndi lamulo la 1981. Nkhandwe zalowa m'mizinda ya ku Britain; makoswe amadya mazira ndi maunda; ndipo nkhunda zina zimagunda mawaya a magetsi kapena kusochera m'nyengo yoipa. Mweti wodziwa amayamba wayang'ana zizindikiro. Kabawi amasosola ndi mlomo pa malo amodzi nadya nyama ya pachifuwa pomwepo, kusiya mulu wa nthenga zathunthu. Nkhandwe imaluma nthenga ndi kuzidula pa tsinde. Mphaka kawirikawiri amaluma pakhosi kapena pamsana ndi kuikokera mbalame pobisika. Ndipo ngakhale ali mphakadi, pa mseu umodzi pangakhale amphaka khumi. Wagwira ndi uti? Mau onamizira mnansi akatuluka sabwereranso m'kamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga achite chiani?

Mwini nkhunda ayambe ndi khola. Makolo athu anadziwa kale nzeru imeneyi pamene anamanga makola a nkhunda pamwamba pa mitengo yaitali chifukwa cha vumbwe ndi likongwe. Ku Britain makola ndi aakulu ngati kanyumba, koma nzeru ndi yomweyo. Khola likwezedwe pa nsanamira; mazenera atsekedwe ndi waya wa maso ang'onoang'ono; ndipo khomo lolowera nkhunda litsekedwe ndi thabwa zonse zikalowa, pakuti timawaya tolendewera timene tiletsa nkhunda kutuluka sitiletsa mphaka kulowa. Zitsamba za pafupi zidulidwe kuti mlenje asowe pobisala. Maunda akakhala pa denga mwini akhale pomwepo, ndipo mphaka akaonekera amthire madzi; madzi samupweteka, koma sawaiwala msanga. Aweti ena amalera kamwana ka mphaka m'khola momwemo kuyambira kali kakang'ono. Kakakula kawirikawiri sikagwira nkhunda za pakhomo, kamapha mbewa, ndipo kamapirikitsa amphaka achilendo.

Mwini mphaka naye asabisale kumbuyo kwa chiweruzo cha 1926, pakuti kusakhala ndi mlandu ku bwalo sindiko kukhala mnansi wabwino. Mu 2021 akatswiri a pa Yunivesite ya Exeter anafalitsa zimene anapeza poyesa amphaka 355. Amphaka opatsidwa chakudya cha nyama yambiri anachepetsa nyama zobwera nazo kunyumba ndi magawo 36 pa 100. Amene eni ao ankasewera nao mphindi 5 kufikira 10 pa tsiku, kuwathamangitsira kanthenga komangirira ku chingwe, anachepetsa ndi magawo 25 pa 100. Amene anabvekedwa kansalu ka mawanga owala m'khosi anachepetsa mbalame zogwidwa ndi magawo 42 pa 100, chifukwa mbalame zimawaona akali patali. Za belu la m'khosi akatswiri asiyana: bungwe la RSPB litayesa linapeza kuti belu limathandiza, koma a ku Exeter sanaone kusintha. Zonsezi zingochepetsa chabe. Njira yosalephera ndi chitseko, pakuti mphaka amene ali m'nyumba sagwira nkhunda.

Malo ena aika lamulo pa zimenezi. Mu mzinda wa Canberra ku Australia, mphaka ali yense wobadwa kuyambira pa 1 July 2022 ayenera kusungidwa pa malo a mwini wake usana ndi usiku. Ku Britain lamulo lotere kulibe, koma anansi awiri angathe kudzipangira lao laling'ono. Nkhunda siziuluka tsiku lonse. Zitulutsidwa ngati ora limodzi m'mawa ndi lina madzulo, ndi pa tsiku la mpikisano. Mphaka naye amagona maora ambiri pa tsiku. Ngati mwini nkhunda anena nthawi zake nazisunga, ndipo mwini mphaka atsekera mphaka wake pa maora amenewo, nyama ziwirizo sizidzakomana. Mwini nkhunda abweze ubwino posaulutsa mbalame pamene mnansi wayanika zobvala, ndi posesa chakudya chotayika. Pangano lotere lipangidwe nthenga zisanagwe, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. Ndipo ngozi ikachitikabe, mwini mphaka apite yekha kukapepesa ndi kupereka kanthu, ngakhale lamulo silimkakamiza.

Ine ndikhulupirira kuti oweruza a 1926 sanalakwe, pakuti lamulo lolipiritsa munthu pa mbalame iri yonse imene mphaka wake wagwira likadadzaza mabwalo ndi milandu yosatha ndi yopanda mboni. Koma chiweruzo chao chinasiya katundu yense pa mutu wa munthu mmodzi, ndipo chimene chingalinganize katunduyo ndi ulemu wa pakati pa anansi. Mphaka sadziwa malire, nkhunda siidziwa mtengo wake. Odziwa zonsezi ndi anthu awiri okhala mbali ziwiri za mpanda. Akulu kwathu amati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndeu, zimasamuka. Mau amenewa ngoyenera kuwalingalira ali yense woweta, kuno kapena ku Ulaya, pakuti amene wapambana mlandu nataya mnansi adzafunabe womzimira moto tsiku limene nyumba yake idzapsa.

Wophunzira wa Folomu 4